Chisoti cha Mawaya cha Mayi Wezi Namsukwa

Malemu Mayi Wezi Namsukwa, azakhali anga ine Harrison, anabadwa pa 14 Malichi 1979 ku Misuku, kumunsi kwa nkhalango ya Mughese, m'banja la alimi a khofi. Anali achiwiri mwa ana anayi.

Mu 1991 mlongo wawo, a Rodwell, anagwa khunyu n'kugwera pamoto. Akuluakulu amene analipo anaima patali, poopa kuti thovu la kukamwa liwapatsira matendawo. Amene anawakoka pamotopo ndi malemuwa, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha. Matendawo sanawatenge. Anangotsala ndi funso: kodi m'mutu mwa munthu mumachitika chiyani akamagwa chonchi?

Anasankhidwa kupita kusekondale mu 1994, chaka cha chisankho cha zipani zambiri, ndipo mu 2003 anamaliza digiri ya sayansi ku Zomba. Anaphunzitsa kuno ku Chitipa zaka khumi. Mu 2006 anakwatiwa ndi a Cuthbert Makwinja, mphunzitsi mnzawo wochokera ku Mulanje, omwe anatisiya mu 2012.

Atapeza digiri yachiwiri, mu 2017 anapita ku South Africa kukayamba digiri ya udokotala pa maphunziro a ubongo ndi mitsempha. Anatilembera kuti mumzinda monsemo munalibe wowapatsa moni wa kwathu, choncho chiyankhulo chathu cha Chisukwa ankayankhula ndi makoswe a mulabu yofufuzira, omwe ati ankamvetsera bwino kuposa ana a Fomu 2.

Anabwerera kuno mu 2019. Kuti amalize maphunziro, anafunika kuyeza ana 60 odwala khunyu ndi chisoti cha mawaya chimene chimajambula mmene ubongo ukugwirira ntchito. Chisoticho sichibaya, sichipweteka, sichichotsa kanthu. Potsatira malamulo a kafukufuku, kholo lililonse lobweretsa mwana ankalithokoza ndi sopo ndi shuga. Zinthu zinalakwikira pamenepo. Kwathu kuno dokotala ndiye amalandira nkhuku. Dokotala wopereka shuga, anthu anatero, pali chimene wagula. Mbiri inamveka mpaka kumalire kuti chisoti chikuyamwa nzeru za ana n'kuzitumiza kunja.

Malemu anachivala okha pakhomo pa tchalitchi, mapemphero atatha. Anthu anati iwowo sichingawathe, nzeru zawo n'zochuluka kale. Kwawo kuno sanayamikiridwepo kuposa pamenepo. Atasiya kupereka shuga, anthu anati tsono ayamba kutenga ulele.

Anasamukira ku Lufita, komwe anakhala ndi a Rodwell awiriwiri. Alendo anasiya kufika pakhomo. Pamaliro ndi pamaukwati ankapatsidwa mpando wabwino, koma wa pambali pawo unkakhala wopanda munthu. Iwo ankakwerabe mapiri wapansi, chikwama kumsana, ndipo pofika kumapeto kwa 2022 anali atayeza ana 41. Angapo mwa anawo anawatumiza kuchipatala, ali pamankhwala ndipo lero akupita kusukulu.

Mu Febuluwale 2023 anapezeka ndi khansa. Analandira chithandizo ku Mzuzu, koma anapempha kubwerera kunyumba. Anamwalira masana a pa 9 Ogasiti, a Rodwell atawagwira dzanja.

Banja linafuna kulemba kuti Dokotala pamtanda wawo. Malemu anali atakaniratu, ati munthu satchulidwa ndi ntchito imene sanamalize. Tawamvera.

Atsala ana 19 oti ayezedwe. Mayi Evelyn Sichali, namwino amene ankagwira nawo ntchito, agwirizana ndi aphunzitsi a malemu kuti amalize kuyezako, ndipo zotsatira zidzatuluka m'dzina la malemu. Mayi Sichali azipezeka kunyumba ya ku Lufita Lachiwiri lililonse. Shuga sadzakhalapo. Ndayesa kuwerenga amene tasonkhana pano, ndalekezera pa mazana anayi. Ambirife tikudziwa nyumba imene mwana wodwala khunyu amabisidwa kuchipinda kukabwera alendo.

Malemu asiya mwana mmodzi, Salome, mayi awo agogo Lines Nakayange, ndi alongo awo atatu. Tikuthokoza anamwino a ku Mzuzu, amayi a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi makolo 41 amene anagogoda pakhomo paja. Yewo, tawonga chomene.

Azakhali, mwayenda nokha mokwanira. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.