Nsapato Zoyera za Kezia

— Halo?

— Halo, ababa. Ndine Kezia.

— Aa, Kezia. Ndimayesa ndi amako, nambalayi ndi yawo. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera bwino, kaya inu ababa?

— Ine bwino, kupatula msanawu. Amako ali bwanji? Chifuwa chija?

— Chikuchepa. Apita kudimba.

— Kudimba ndi chifuwa. Munthu ameneyo samva. Nanga ng'ombe mwazimwetsa?

— Zamwa. Amayi akupereka moni.

— Ndalandira. Mawu ako akudukaduka. Uli pati?

— Pachulu paja pakuseri kwa chigafa. Kunyumba lero netiweki kulibe.

— Ndiye usasunthe.

— Fodya wagulidwa, ababa?

— Wagulidwa kuti? Lole yathu ikadali pamzere, lero tsiku lachitatu. Akuti mwina mawa mabelo alowa mu okushoni. Kuno ku Kanengo ndi fumbi lokhalokha, tikugona pansi pa lole, ife a ku Msakambewa mbali iyi, a ku Ntchisi mbali iyo.

— Pepani. Ababa, mayunitsi ndili nawo ochepa, ndimafuna kuti...

— Dikira ndinene zanga kaye, ndingaiwale. Dzulo ndinatsikira m'tauni, pakaunjika. Ndakupezera nsapato. Zoyera mbee, zopanda chidendene, zija amavala anamwino m'chipatala. Saizi sikisi, eti?

— Faifi.

— Uziikamo thonje. Phazi limakula.

— Zikomo, ababa.

— Zikomo wake woziziratu bwanji? Udzaona wekha. Ndiye ndaimbiranso a Danieli, mlembi wa mpingo. Lamulungu likubwerali alengeza m'tchalitchi kuti mwana wa Mbewe wasankhidwa ku yunivesite, akukaphunzira unamwino. Amayi a Mvano akuti akonza kanyimbo. Ukavale diresi labuluu lija.

— Ababa.

— Ee?

— A Danieli asalengeze.

— Manyazi ako aja ayambanso? Sakuuza kuti ukalankhule. Ukangoimirira, n'kukhalanso pansi.

— Si manyazi.

— Nanga n'chiyani? Dzina lako silinatuluke? Si iwe unanena kuti latuluka?

— Latuluka. Koma silinatuluke ku unamwino.

— Ndiye alakwitsa. Ndikangobwera tipita limodzi kwa ahedi, akakonze.

— Sanalakwitse, ababa. Ndinalemba ndine.

— Sindikukumva.

— Tsiku lija tinapita pa boma kukadzaza fomu pakompyuta. Munati unamwino ukhale pamwamba, ndipo ndinaulembadi pamwamba, inu mukuona. Kenako munatuluka kukaona ngati njinga ikadalipo. Pomwepo ndinasintha. Halo? Ababa, mulipo?

— Ndilipo. Unalemba chiyani?

— Fainansi.

— Chimenecho ndiye chiyani?

— Maphunziro a kayendedwe ka ndalama. Mmene mabanki amagwirira ntchito, inshuwalansi, mmene kampani imasankhira poika chuma chake, chiwongoladzanja...

— Ngongole.

— Ndi ngongole zomwe, ee.

— Amako akudziwa?

— Ndawauza dzulo. Anati nkhani imeneyi sanyamulirana, ndikuuzeni ndekha. Foni yomwe andipatsa ndi iwo.

— Ndiye kuti ukukaphunzira ntchito ya anthu aja.

— Si choncho, ababa.

— Ndi choncho. Anthu aja anabwera ndi lole, mataye m'khosi, mafayilo m'manja, n'kutisasulira malata mwezi wa Januwale. Mvula ili pamutu. Iwe unali mwana, mwina waiwala.

— Sindinaiwale. Ndinali sitandade sikisi. Ndine ndinagwira pulasitiki pamwamba pa ufa, amayi akulowetsa mabulangete pansi pa tebulo.

— Nanga zoti anandiimitsa udikoni ukukumbukira? Akuti munthu wolephera kusunga denga lake sangagwire mbale ya chopereka. Zaka zonsezi ndikukhala benchi ya kumbuyo. Ine ndimati Lamulungu likubwerali ndidzakhale kutsogolo, anthu aone kuti kwa Mbewe kwatuluka wochiza anthu. Tsopano ndikaime pamaso pa omwe aja n'kunena kuti mwana wanga akukaphunzira kusasula madenga?

— Ababa, ndinene chinthu china? Musakwiye.

— Ndakwiya kale. Nena.

— Pepala lija la ngongole, munalitaya kudzala tsiku lomwelo. Ine ndinakalitola. Lili m'Baibulo langa mpaka lero.

— Ukulisungiranji?

— Ndimafuna kudziwa chimene chinatenga denga lathu. Linali lachingerezi, sindinkalimva. Chaka chilichonse ndinkalitulutsa, n'kumvako mawu awiri atatu. Ndili folomu fili ndinalionetsa aphunzitsi a masamu, ndinanama kuti ndi la aneba. Kumunsi kwake kuli mzere wa tizilembo tating'ono. Inu anakuuzani pakamwa kuti chiwongoladzanja ndi cha pachaka. Papepala analemba kuti ndi cha pamwezi.

— Pamwezi?

— Pamwezi. Ngakhale fodya akanachita bwino chaka chimenecho, simukanatha kubweza. Simunawononge ndalama ayi, ababa, monga ankanenera anthu. Munangodinda chala pa chinthu chimene simunauzidwe.

— Halo?

— Ndikumva, ababa.

— Ndiye zaka zonsezi wadziwa zimenezi, uli phee?

— Ndimaopa. Nkhani ya malata ikangoyamba mumadzuka n'kupita kukhola.

— Iwe umaopa chilichonse. Nkhuku ikamazingidwa umathawira kudimba.

— N'chifukwa chake unamwino sindingauthe. Tsiku lija amayi anadzitema ndi chikwanje, munayamba mwanditsira madzi ine musanawamange iwo.

— Zimenezo amazolowera.

— Mwina. Koma ine ndikaona manambala mtima umakhala pansi. Kalasi yonse masamu ndinkatsogola ndine, mukudziwa. Ndikufuna ndizimva mapepala amenewa asanadindidwe, osati atadindidwa.

— Kezia, tamvera. Amene anakwera padenga pathu aja nawonso ndi ana a anthu. Mmodzi anachita kundipepesa, misomali ili m'manja. Nawonso anapita kusukulu ndi mtima wabwino ngati wakowo. Ukadzamaliza, udzalembedwa ntchito ndi ndani? Ndi ine? Si omwewo? Bwana wako akadzakutuma kumudzi kwa munthu ndi lole, udzakana?

— Sindikudziwa, ababa.

— Sukudziwa.

— Ndikanati ndidzakana, ndikanakunamizaninso kachiwiri. Ndimaganiza zimenezo kwambiri. Sindikudziwa.

— Hmm.

— Mukati ayi, sindipita. Malowo apatse wina. Ndidzayesanso chaka chamawa, ndidzalemba unamwino pamwamba, inu mutaima pambali panga mpaka kumapeto. Kungoti sindinafune kuti ndikaime m'tchalitchi, anthu akuimba, ine ndikudziwa kuti ndi bodza.

— Unandidikira kuti ndituluke. Chimene chikundiwawa ndi chimenecho. Ine ndikulondera njinga panja, mwana wanga akundilembera pepala lina mkati. Kusiyana kwake ndi anthu aja kuli pati?

— Pepani, ababa.

— Usalire. Ukalira sindikumva, netiweki yake ndi yomweyi.

— Sindikulira. Foni yalira kuti yatsala miniti imodzi.

— Ndilibe mayunitsi okuimbira, fodya sanalowe. Tamvera msanga. Kuno kwabwera bambo wina wa kampani, akuyenda malole onse, akugawa mapepala a feteleza wa chaka chamawa. Wotenga tsopano, wobweza pa fodya. Anzanga adinda zala m'mawa uno. Langa lili m'thumba la jekete, ndimati ndidinde tikatha kudya.

— Musadinde, ababa.

— Akuti mwayi wake ndi wa lero lokha.

— Ndi lachingerezi?

— Lonse. Masamba atatu.

— Kumunsi kwa tsamba lomaliza kuli tizilembo tating'ono?

— Dikira. Tilipo. Tambiri, ngati nyerere.

— Musadinde mpaka ndiliwerenge. Chonde.

— Ukudziwa kuti ndikapanda kudinda, mwina chaka chamawa tilima opanda feteleza?

— Ndikudziwa.

— Sindinanene kuti ndavomera za sukuluzo. Wamva? Tidzakambirana ndikabwera, amako ali pomwepo. A Danieli ndiwauza adikire kaye.

— Ndamva. Nanga nsapato zija?

— Wakaunjika sabweza ndalama. Uzivalabe. Ndi kubanki komwe anthu amaponda pansi.

— Zikomo, ababa.

— Nambewe.

— Wawa?

— Pepalali ndilipinda, ndiliika m'chipewa kuti lisanyowe ndi thukuta. Ukandichingamire pa siteji Lachisanu, ubwere ndi lakale lija, uzidzandiwerengera onse awiri, mzere ndi mz...

— Halo? Ababa? Halo?