Paipi Yophwatalala ya a Sixten

Loweruka Malin, mwana wa a Sixten, amakwatiwa ku tchalitchi cha ku Mora, ndipo bambo wakeyo anali atalumbira kuti mkwatibwi akafika pa galimoto yawo yakale yofiira ya Volvo. Tsono poipukuta Lachinayi anasuzumira kunsi ndi kagalasi n'kuona kuti paipi ya ekizozi yaphwatalala pakati, ndiye poti msana unkawavuta, anaitana mlamu wawo, a Holger, kuti alowe kunsi.

"Mukuona chiyani, alamu?"

"Mdima," anayankha a Holger, miyendo yokha ili panja.

"Yatsani tochi, inu!"

"Ndayatsa. Tsopano ndikuona kunsi kwa galimoto."

A Sixten anapumira m'mwamba. "Paipiyo. Ikuoneka bwanji?"

"Ngati paipi."

"Ndikutanthauza pophwatalalapo! Palibe vuto, eti? Inabadwa choncho."

"Galimoto sibadwa, alamu."

"Inachoka choncho kufakitale! Ndi mmene anaipangira. Ingonenani kuti eya, tikamwe khofi. Mlongo wanu Gunvor waphika mabanzi a sinamoni."

"Eya."

"Mwaonatu!"

"Mwati ndinene kuti eya. Kufakitaleko ine kunalibe."

A Sixten anamenya denga la galimoto, kenaka n'kupukuta msangamsanga pomwe anamenyapo ndi mkono wa malaya. Galimoto imeneyi anaigula asanamere imvi, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti ilibe ngakhale kachipsera.

"Tamverani. Akatswiri aja anaiphwatalalitsa dala kuti ipatse malo chitsulo cha matayala akumbuyo. Nzeru zimenezo!"

Kunsi kunamveka kukhwekhwereza. "Chitsulocho chili kuno kumapazi kwanga. Pophwatalala pali pamphuno pangapa."

"Ndiye kuti anapangira kamvekedwe. Kuti injini izilira mwaulemu, ngati bambo wamkulu akutsokomola m'tchalitchi."

"Abusa athu akamatsokomola chonchi timawatengera kuchipatala."

"Sindinakufunseni za abusa! Pagwireni pamenepo. Si posalala bwinobwino, ngati popangidwa ndi makina?"

"Pali mizere."

"Ya makina!"

"Pali ndere."

"Chiyani?"

"Ndere, alamu. Zobiriwira. Ndi kamwala kakanirira pakona."

A Sixten anakanda ndevu. M'mutu mwawo anaona Malin atavala zoyera, utsi ukulowera pansi pa mpando, azakhali akutsokomola, apongozi atsopano akuseka kuseri kwa zipewa. Anapukusa mutu.

"Ndere zimamera paliponse m'dziko muno. Mukaima nthawi yaitali, nanunso zikumerani."

"N'chifukwa chake ndimayendayenda."

"Kamwalako n'kolimbitsira!"

"Ndikabwezere? Ndakachotsa kale."

"Ayi! Eya! Aaa, kasiyeni!" A Sixten anayesa kuwerama, msana unati thyo, anadzuka atagwira m'chiuno. "Holger, ine galimoto iyi ndimaidziwa kuposa mkazi wanga."

"Mlongo wanga ndikamuuze zimenezo?"

"Musayerekeze!"

"Chabwino. Akandifunsa ndiye ndinena."

Apa a Sixten maso anawala. Panja pa galaja panali pataima galimoto ya a Holger, Volvo ya mtundu womwewo, ya chaka chomwecho, kungoti yotuwa ngati phulusa.

"Tulukani! Kaoneni yanu. Ngati nayonso ili yophwatalala pamalo omwewo, nkhani yatha, ndi ya kufakitale."

"Sikofunika kukaona. Ili chimodzimodzi."

"Kaoneni, ndatero!"

A Holger anatuluka chafutambuyo, mafuta ali pachipumi, anapita panja, anagona pa udzu, n'kulowa kunsi kwa yawo. A Sixten anawatsatira akutsimphina.

"Bwanji?"

"Yophwatalala."

"Pamalo omwewo?"

"Omwewo."

"Mizere?"

"Ilipo."

"Ndere?"

"Zanga zachulukirapo pang'ono."

"Hoo!" A Sixten anakweza manja kumwamba, msana n'kuiwala. "Gunvor! Tabwera udzamve! Magalimoto awiri, paipi imodzimodzi! Ndimanena ine! Anthu akale ankadziwa ntchito, osati za masiku ano zapulasitikizi!" Anawerama pang'ono n'kugwedeza phazi la mlamu wawo ngati akupereka moni. "Alamu, mwandichotsa minga pamtima. Bwanji simunanene poyamba pomwe kuti zikufanana?"

"Simunafunse. Komanso zikanalephera bwanji kufanana? Mwala wake ndi umodzi."

Manja a a Sixten anatsika pang'onopang'ono.

"Mwala uti?"

"Wa panjira yopita kukanyumba kathu ka kunkhalango. Uja wotulukira pakati pa msewu."

"Galimoto yanga ikatani kunkhalango?"

"Muli kuchipatala ndi msanawu, Gunvor anati ndiziiyendetsako kuti batire lisafe. Sananene kuti ndiziiyendetsa kuti."

"Ndiye munaiombetsa pamwala?"

"Inalira kuti khoo! Ndinaima, ndinasuzumira, ndinaona paipi yaphwatalala."

"Osandiuza?"

"Adokotala anati tisakuuzeni zokukwiyitsani mpaka mutachira. Mwachira?"

A Sixten anakhala pansi pa udzu, khosi litafiira ngati galimoto yawo.

"Nanga... nanga yanuyi inaphwatalala bwanji?"

"Ndinabwerera ndi yangayi mawa lake, liwiro lomwelo, kuti ndione ngati wolakwa ndi mwala kapena galimoto yanu."

"Ndiye munapeza chiyani?" anafunsa a Sixten ndi mawu ang'onoang'ono.

A Holger anatulutsa mutu, anazimitsa tochi, n'kumwetulira mokoma mtima.

"Ndi mwala, alamu. Mwakhala mukunena zoona tsiku lonseli: galimoto yanu ilibe vuto."