Thalauzi la Ba Mulenga pa Lamba wa Mchenga

Zaka zija mafakitale ankatsekedwa motsatizana, ine ndinali fitala wokonza makina, ndipo inu ana a lero amene mumataya foni ikangosweka galasi simungamvetse kuti ife chitsulo tinkachikakamiza kugwira ntchito ngakhale chitafa.

Ntchito itatha, ine ndi mnzanga ba Mulenga, Mbemba wa ku migodi wolankhula ngati wailesi, tinangokhala kuno ku komboni ya Kanyama osadziwa chodyetsa ana. Ndiye mayi wina woumba mabuloko anati tikadzutsa makina a lamba wokweza mchenga amene anagula ku sikirapu, atilemba ntchito tonse awiri. Makinawo anali a nthawi ya azungu, dzimbiri lokhalokha, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mota. Marola oyendetsa lamba tinawamasula ndi parafini ndi kutukwana, mabering'i tinakazula pa thirakita yakufa, koma lamba weniweniyo, ana inu, theka linali litapita. Anthu a m'komboni anali atadula, wina soli ya nsapato, wina mahinjesi a chitseko cha chimbudzi. Tinayenda khomo ndi khomo kupempha zidutswa, ndipo dikoni wina anabweza chake atatilumbiritsa kuti tisamutchule. Zonse tinasoka ndi waya.

Tsiku loyesa makina komboni yonse inabwera, pamodzi ndi apongozi a ba Mulenga, amene ankati mwana wawo anakwatiwa ndi pakamwa, osati mwamuna. Mnzangayo anafika atavala thalauzi la kutchalitchi, n'kukhala pa lambapo ngati bwana m'galimoto.

"Yasha, Phiri," anatero, "baone bonse bamene benze kuniseka."

Ndinayatsa. Mota inatsokomola kenako n'kugwira, ndipo ba Mulenga anayamba kukwera pang'onopang'ono akubayibitsa anthu. Atafika pamwamba, waya wa pamsoko anakola thalauzi. Munthu anagwera pa mulu wa mchenga, koma thalauzi linapitirira ndi lamba, kuzungulira pansi, kutulukiranso pamwamba, miyendo ikulendewera, mwini wake ali chikhalire ndi kabudula wam'kati woti sindingamufotokoze pamaso pa ana.

Mayi wa mabuloko uja sanayang'ane n'komwe. Anali atatchera khutu ku mota, ndipo atamva kuti sikugogoda anangoti, "Mubwele Mande."

Anthu anaseka mpaka kugwirana, koma apongozi aja anadutsa pakati pawo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, anamasula chitenje chapamwamba n'kumuponyera mkamwini wawo. Ba Mulenga anayenda nacho mpaka kunyumba, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiwaone akudutsa msewu wonse osayankhula.

Lero chinthu chikangolira pang'ono mumathamangira chatsopano. Chimasuleni kaye, muone chavuta. Ndipo inu amene mukufuna kukwatira, apongozi akakunyozani muziyankha mofatsa, chifukwa tsiku lina chitenje chawo ndicho chidzakufikitseni kunyumba.