Ng'ona ya m'gulupu

Pa siteji ya ku Senga Bay, Fiskani, mphunzitsi wobwera kumene, ankadikira minibasi pafupi ndi mayi wogulitsa usipa yemwe ankangoti maso pafoni.

"Mayi, kwagwanji? Nkhope sikuoneka bwino."

"M'gulupu yathu ya pa Watsapu, ya asodzi ndi ogula nsomba, mwalowa ng'ona, bambo."

"Ng'ona?"

"Ndi mmene timatchulira akazitape a boma. Maso okha pamwamba pa madzi. Amawerenga zonse koma salemba kanthu, chithunzi alibe. Lachiwiri tinakambirana zophera nsomba maneti a udzudzu, Lachinayi a zansomba n'kudzawatentha."

"Mwina ndi munthu wamanyazi chabe. Kapena anangomulowetsa kuti azidziwa mitengo ya chambo."

"Manyazi ake ati? Ngakhale 'pepani' pa uthenga wa maliro? Anyamata a kudoko akuti akampeza, akamusiya pakati pa nyanja."

"Nanga amudziwa bwanji?"

"Tagawana nambala yake. Paliponse pali anthu timaiimba, n'kumvetsera thumba lomwe lilire. Taimani ndiyesenso pompano."

Fiskani analowetsa dzanja m'thumba, chala chikufunafuna batani lozimitsira foni.

"Mayi, tayambani mwandiuza kaye. Usipawu mukugulitsa bwanji?"