Ndinkanamizira chiperoni

Abale anga, ine mowa sindinaulawepo. Pa mapemphero a limana ndinkafika woyamba, kwaya sindinkajomba. Koma m'kati ndinali nditawola ndi nsanje, ndipo amene ndinkamuchitira nsanjeyo anali mwana wa zaka zisanu.

Mwana wanga Tiyamike anagontha atadwala matenda oumitsa khosi. Patapita zaka ziwiri, Chisomo, mwana wa mlamu wanga, anadwala matenda omwewo, nayenso makutu anatsekeka. Ndinene zoona, sizinandiwawe kwenikweni. Mumtima ndinati bola tili awiri.

Ndine amene ndinamva pa wailesi kuti ku Blantyre kwabwera madokotala oika kachipangizo m'mutu kuti ana ogontha azimva. Ndine amene ndinathamanga kukawauza alamu. Tinakwera minibasi imodzi pa Namitambo, ana pamiyendo.

Atawaunika ana m'mutu, adokotala anandikhazika pansi n'kundijambulira papepala. Anati m'kati mwenimweni mwa khutu muli kanthu kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, kodzaza timadzi. M'menemo ndi momwe amalowetsa kawaya kotumiza mawu ku ubongo. Kwa Chisomo njira inali yotseguka. Kwa Tiyamike, pa zaka ziwiri zija, fupa linali litamera m'kachigobamo, makutu onse awiri.

"Kawaya kalibe polowera, mayi," anatero adokotala.

Chisomo anamuchita opaleshoni. Bala litapola anamuveka kachipangizo kakunja, komamatira pamutu ndi maginito. Posakhalitsa tambala akalira, mwana ankatembenuka. Anthu anachokera mpaka ku Boma kudzaona. Pano munaimba, munalulutira. Inenso ndinalulutira, koma linali lilime lokha. Ndinkafunsa Mulungu kuti, nkhani ndamva ndine, njira ndalondolera ndine, nanga bwanji mwadumpha khomo langa?

Kachipangizoko kamayendera mabatire otchaja, ndipo pamudzi pathu nyumba ya sola inali yanga yokha. M'mawa uliwonse alamu ankafika atawamanga m'kampango. "Odi alamu, tithandizeni kamoto."

Mu Juni kunagwa chiperoni, phiri osaoneka masiku awiri. Sola inakanadi, ndipo Chisomo anaswera osamva. Abale, mtima wanga unazizira bwino ngati ndamwa thobwa. Dzuwa litabwerera, ine sindinabwerere. Ndinkalandira mabatire, kuwaika pawindo osalumikiza, madzulo n'kuwabweza. "Pepani alamu, sola sinagwire. Chiperoni chija chinaifooketsa."

Ndinkadziwa zimene adokotala anachenjeza, kuti mwana akamakhala osavala kachipangizoko ubongo umachedwa kuphunzira mawu. Ndinalipo akunena. Ndinachitabe sabata yathunthu. Chisomo anasiya kusewera. Ankakhala pakhonde akugogoda kachipangizoko ndi chala, kenako n'kulira.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mwana wosamva amaona zonse.

Loweruka masana ndikuchokera kudimba, ndinapeza Tiyamike atakhala pansi pawindo. Anali atalumikiza yekha mabatire aja, kanyale kofiira kakuyaka. Ndinatambasula dzanja kuti ndizule. Anandigwira mkono. Analoza khutu lake, analoza kunyumba kwa Chisomo, kenako anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Palibe wansembe amene anandilalikirapo chonchija.

Anadikirira mpaka kanyale kanasanduka kobiriwira, n'kunyamula mabatire ulendo kwa alamu. Ndinamutsatira chapatali.

Atamuveka kachipangizo kaja, Chisomo anaphethira kawiri, n'kuona mnzakeyo. Anati, "Ti-ya." Mawu okhotakhota, koma linali dzina la mwana wanga. Tiyamike anaona milomo ikuyenda. Anaika dzanja pakhosi pa Chisomo, namukodola kuti abwereze. "Ti-ya." Mwana wanga anaseka mpaka kugwa pansi. Dzina lake analimvera m'manja.

Ine ndinali kutseka pakamwa pa Chisomo, pokhapo pamene pankaitana mwana wanga.

Ndinagwada pabwalo pomwepo, m'fumbi, n'kuulula zonse kwa alamu.

"Ndinkadziwa, alamu," anatero. "Dzuwa likuswa mtengo, inu mukuti chiperoni? Koma ndikanatani? Akanakhala wanga wotsalayo, kaya ine ndikanatani."

Kukhululuka kwawo kunandiwawa kuposa mbama. Lamlungu ndinakalapa, ndipo ndinalira mpaka mawu kutha.

Musayembekezere kuti ndinene kuti Tiyamike anayamba kumva. Sakumva. Fupa lija lilipobe. Nsanje nayo nthawi zina imagogoda, makamaka Chisomo akamaimba. Ikagogoda ndimaitchula dzina pamaso pa Yesu, ndipo imachoka. Chimene Ambuye anatsegula ndi ine. Zaka zonse zija ndinkadikira kuti mwana wanga amve chilankhulo changa, osaganizapo zophunzira chake. Lero ndikuphunzira chinenero chamanja, ndipo mphunzitsi wanga, Tiyamike, ndi wovuta, akandiona ndalakwitsa amandimenya padzanja. Mabatire a Chisomo ndimakatenga ndekha kwa alamu m'mawa.

Alemekezeke Yesu, amene anandidzudzula kudzera mwa mwana wosalankhula.

M'bale wanga, mwina nawe uli ndi kanthu ka mnzako kamene waika pawindo osalumikiza, uku ukunamizira mitambo. Dzuwa likuwala, ndipo alipo amene akukuona. Bwera kwa Ambuye lero, ukatero upite ukabweze.