Chakumwa Chobiriwira cha Anthu a ku Zeremu

Olemekezeka wapampando wa gulu la okonda filimu za m'mlengalenga, olemekezeka mkulu woyang'anira ukhondo wa zakudya, olemekezeka eni ake a holo ino, aphunzitsi a zophikaphika, atolankhani, amayi ndi abambo, komanso inu nonse amene mwadzola utoto kumaso ndi kuvala makutu a makatoni, amene sindikudziwa kuti ndikutchuleni chiyani: ndikupereka moni kwa nonse.

Ndagwira ntchito m'khitchini ya chipatala mpaka tsitsi kuyera, ndipo ndinkaganiza kuti palibe chakudya chimene chingandizunguze mutu. Lero ndayendera matebulo anu, ndatuluka mutu uli balala. Patebulo loyamba andipatsa bisiketi yamakona asanu, yopaka mandimu ndi tsabola. Ndafunsa kuti makona asanu n'chifukwa chiyani, andiyankha kuti anthu a ku Zeremu ali ndi zala zisanu. Ndati, nanga ife tili ndi zingati? Onse angoseka. Patebulo lachiwiri ndapeza azibambo awiri a ndevu zawo akukangana ngati anthu a ku Zeremu amadya mchere. Ndati, bwanji osakawafunsa eni akewo? Pamenepo wapampando wandinong'oneza kuti: "Amayi, anthuwo kulibe, ndi a mufilimu." Tsono ngati kulibe, mkangano wa mcherewo adzaweruza ndani?

Mwina mukudabwa kuti munthu wosamvetsa ngati ine wakhala bwanji mlendo wolemekezeka. Ndikuuzeni.

Amuna anga, amene moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi, anadwala sitiroko. Atatuluka m'chipatala, kutafuna kunkawavuta, ndipo mtima wofuna kudya unawachokera. Ndinaphika chilichonse chimene ndimadziwa, chofewa, chamadzimadzi, chonunkhira, koma mbale zinkabwerera monga ndapititsira. Lamba tinachita kuboola mabowo ena. Adokotala anati akapitiriza chonchi awaika chubu m'mphuno.

Mwana wathu wamkazi ndiye ankakhala nawo pabalaza masana, akuonera limodzi filimu yanuyi. Tsiku lina ndili kukhitchini ndinamva amuna anga akundiitana. Nditalowa, analoza pa kanema pamene cholengedwa chopanda mano chinkamwa zobiriwira m'mbale, n'kunena movutikira kuti: "Mayi a mwana, ndikufuna chimenecho."

Ndinati: "Bambo, chimenecho ndikachigula kuti?"

Mwana anati: "Amayi, dikirani, pali anthu amene amachidziwa."

Anthu akewo ndinu. Analemba pa foni, ndipo dzuwa lisanalowe munali mutayankha, wina ali kuno, wina ali kutsidya kwa nyanja, aliyense ndi kaphikidwe kake. Tinasankha kosavuta: peyala, mkaka, sipinachi, uchi ndi kajinja pang'ono, kupera pamodzi mpaka kusalala. Ndinathira m'tambula, anakana. Akuti a ku Zeremu samwera m'tambula, amamwera m'mbale, ndipo woperekayo ayenera kugwira chigongono cha wolandira. Ine mayi wamkulu ndinagwira chigongono. Anamwa, anamaliza, n'kupempha china. Ndinabwerera kukhitchini, n'kutseka chitseko, n'kulira.

Mpaka lero sindimvetsa. Peyala lomwelo ndinawapatsa dzulo lake ndipo analikankha. Chinasintha n'chiyani? Ndinafunsa adokotala, anangotambasula manja n'kunena kuti: "Mayi, ngati akumwa, apatseni." Ndinafunsa amuna angawo, anati: "Zija umandipatsa zinali za wodwala. Izi ndi za woyendetsa chombo cha m'mlengalenga." Ndi awo akhala kutsogoloko, ndodo pambali, makutu a katoni kumutu, ndipo ndamva kuti lero ndi mmodzi mwa oweruza zakudyazi. Musawaombere m'manja kwambiri, kunyumba sitipuma.

Choncho, ngakhale sindidziwa kuti Zeremu ali kumpoto kapena kumwera kwa mwezi, ngakhale mayina a zakumwa zanu amandipinda lilime, ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Munayankha munthu amene simumudziwa, pa funso limene ena akanaliseka, ndipo chubu chija sichinalowe m'nyumba mwanga. Ndikuthokozanso eni holo potipatsa malo, ndi a zaukhondo amene andilonjeza kuti chilichonse chili patebulo n'chodyedwa, ngakhale chija chikufuka utsi pakona.

Pempho langa n'limodzi: maphikidwe ofewawa muwalembe bwino, muwapereke kwa amene akusamalira odwala m'makomo, chifukwa alipo ambiri amene mbale zikuwabwerera.

Tsopano wapampando akuti kuno sadula riboni. Akuti mlendo wolemekezeka amanyamula chipande m'mwamba n'kunena mawu atatu a chinenero cha ku Zeremu. Andiphunzitsa pakhomo paja, koma onse atatu athawa. Mundikhululukire, ndinena m'chinenero chimene ndimachidziwa. Chipande ndi ichi, ndanyamula. Ndi ulemu wonse, ndikulengeza kuti chionetsero cha zakumwa ndi tizakudya ta ku Zeremu chatsegulidwa. Idyani, imwani.

Zikomo kwambiri nonse.