Bafa Lathu Lilibe Loko

Zikomo awulutsi. Ndine mtsikana wa kusekondale kuno ku Highfields, mumzinda wa Leicester.

Achimwene anga amadzibaya jekeseni ya mankhwala osokoneza bongo. Chaka chatha anakomoka atadzitsekera m'chimbudzi cha m'tauni, ndipo wokolopa akanachedwa kuwapeza, bwenzi titalira maliro.

Amayi ndi namwino. Anamva kuti kumayiko ena kuli zipinda zomwe anthu otere amadzibayira anamwino akuwayang'anira, koma boma la kuno likukana. Iwo anangochotsa loko wa kubafa kwathu.

"Mwanawe, zimene ukuchitazi sindikuzivomereza," anatero kwa achimwene. "Koma ukalowamo uziimba. Ukangosiya, ndikulowa."

"Amayi, ndi mawu anga a chulewa?"

"Chule yemweyo ndikumufuna wamoyo."

Kuyambira pamenepo amayi ankakhala pamasitepe atagwira mankhwala otsitsimutsa omwe anapatsidwa kukiliniki, achimwene ali m'bafamo akuimba mophonyaphonya nyimbo za Sande sukulu. Azimayi ena a kutchalitchi anati tikuwalekerera. Amayi anawayankha kuti munthu amasiya ali moyo, kumanda kulibe chithandizo.

Loweruka lina masana nyimbo inadukira pakati. Cholembera chomwe ndinkalembera ntchito ya kusukulu chinandigwa m'manja. Amayi anakankha chitseko n'kuwabaya mankhwala aja, ine ndikuimbira ambulansi, mpaka achimwene anayambanso kupuma.

Sabata yatha anavomera kuyamba chithandizo. Sanachire ayi, ndipo loko sanabwerere. Koma m'mawa uno ndawamva akuimba kukhitchini akutsuka mbale, popanda wowatuma, amayi n'kumawapolokozera.